Tsiku limene Tayiga anadya fodya wamkulu

Linali Lamulungu m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Lirangwe litayamba kale kuwotcha 8 koloko isanakwane. Ndinali pa ntchito yochapa pamene foni inalira. Anali mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, wamasiye, amene amalera adzukulu atatu chakumtunda kwa msika. Ndi moni womwe sanapereke.

"Amayi a zaumoyo, bwerani msanga. Galu wathu wachita chiwewe. Anyamata akufuna amuphe."

Ndinawauza kuti ana alowe m'nyumba, anthu atalikire, ndipo wina aliyense asamugwire. Ndinasiya zovala m'beseni n'kukwera kabaza.

Nditafika ndinapeza anthu atazungulira bwalo, ena atatola miyala, wina atanyamula mpini wa khasu. Pakati pawo panali Tayiga, galu wofiirira wosakwana chaka, amene amandichingamira ndi mchira ndikapita kukayeza BP agogowo. Anali ataima motangadza miyendo, mutu uli pansi, thupi likupepesuka ngati munthu wochokera kokamwa kachasu. Akati ayende, miyendo yakumbuyo inkapingana, iye n'kugwa. Mkodzo unkangodontha wokha. Mnyamata wina atawomba m'manja, galuyo anadzidzimuka ngati wamenyedwa, kenaka n'kuyambanso kuwodzera ali chiimire. Agogo atamutchula dzina, mchira unagwedera pang'ono.

Ine si dotolo wa ziweto. Zimene ndinaphunzitsidwa n'za anthu: kuyeza BP, madzi aukhondo, zakudya za magulu asanu ndi limodzi. Choncho ndinaimbira foni mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu n'kukweza mawu a foniyo kuti onse azimva. Anafunsa mafunso anayi okha. Kodi galuyo anabayitsa katemera wa chiwewe? Agogo anakatenga kadi m'chikwama chimene amasungamo mabuku a kuchipatala, ndipo katemera anali wa chaka chomwecho. Waluma munthu? Ayi. Zayamba liti? Usiku anali bwinobwino, m'mamawa anathamangitsa nkhuku ngati masiku onse. Nanga wadya chiyani?

Apa panali zii. Kenaka mdzukulu wamkulu, mnyamata wa Fomu 3, anayankhula maso ali pansi.

"Agogo, ndine. Ndinamuthirira fodya wamkulu m'phala."

Masabata awiri m'mbuyomo akuba anali atatulutsa mbuzi ziwiri m'khola la pakhomopo, Tayiga osauwa ngakhale kamodzi. Anzake a mnyamatayo anamuuza kuti galu wopusa mankhwala ake ndi chamba: ukamusakanizira m'phala la gaga, amasanduka mkango.

Malangizo amenewa si achilendo. Ndawamvapo ku Chileka, ku Lunzu, ngakhale kwa anthu opemphera amene iwowo chamba sangachikhudze. Ena amathira m'chakudya, ena amamuuzira galu utsi m'mphuno kapena m'makutu, makamaka akadali kamwana. Alenje ena amatero, alonda ena amatero. Nditaona Tayiga akulephera kupeza mbale yake ya madzi imene inali pafupi ndi mphuno yake, ndinadzifunsa kuti mkango wakewo uli pati.

M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, omwe ndi amene amazunguza bongo wa wosuta. Galu amamva mphamvu ya THC kuposa munthu, chifukwa mbali ya bongo wake ya chakunkhongo, imene imayendetsa miyendo ndi kusunga thupi kuti lisagwe, ili ndi malo ochuluka zedi amene mankhwalawa amakakamira. N'chifukwa chake chizindikiro choyamba chimakhala kudzandira. Akadya, zimayamba kuoneka pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi, nthawi zina mochedwerapo. Ukakhala utsi, ndi mphindi zochepa chabe. Kupatula kudzandira ndi tulo, galu amadontha mkodzo, amatuluka dovu, nthawi zina amasanza. Kadontho kakuda ka pakati pa diso kawirikawiri kamakula. Mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo thupi limazizira, kutsika pa madigiri 38 mpaka 39 amene galu wabwinobwino amakhala nawo. Phokoso laling'ono, kuwala kwa tochi, kapena dzanja lobwera chakumaso zimamudzidzimutsa koopsa.

Kudzidzimuka kumeneku ndiye kumapusitsa anthu. Agalu ena m'malo mogona amabalalika, amalira, amauwa chilichonse, mwina n'kuluma. Mwini wake amati zagwira. Koma umenewo si ukali wa mlonda, ndi mantha a nyama yosokonezeka mutu, imene sikusiyanitsanso wakuba ndi mwana wa pakhomo amene akupita kuchimbudzi usiku. Walira mvula walira matope. Ndipo mphamvuyo ikatha, galu amabwerera mmene analili, kapena amakhala wamantha kuposa kale chifukwa dzanja limene limamudyetsa ndi lomwe lamupweteka.

THC amasungunuka m'mafuta ndipo amakabisala m'mafuta a m'thupi, n'kumatuluka pang'onopang'ono. Munthu amene wasuta amatsitsimuka patatha maola ochepa, koma galu amene wadya amatha tsiku lathunthu ali chomwecho, ena mpaka masiku atatu. Ambiri amachira. Ndikunena zimenezi kuti musathamangire mpini wa khasu. Koma imfa imachitika. Ku Colorado, m'dziko la America, madotolo a ziweto anawerenga agalu 125 amene anafika nawo m'zipatala ziwiri kuyambira 2005 mpaka 2010 atadya chamba. Chiwerengerocho chinakwera kanayi m'zaka zimenezo, pomwe anthu ololedwa kugwiritsa ntchito chamba ngati mankhwala ankachuluka, ndipo agalu awiri anafa atadya zophikaphika zopangidwa ndi batala wa chamba. Kwathu kuno, kumene diripi ya galu ili kutali, zoopsa n'zambiri: kutsamwa ndi masanzi, kugwera m'chitsime kapena pamoto, kudzandirira mu msewu wa M1 pomwe malole a ku Zalewa akudutsa.

Si nthawi zonse pamene galu amachita kupatsidwa. Amatola yekha zotsalira za ndudu zimene osuta ataya kuseri kwa mpanda kapena kudambo. Amafukula chamba chimene wina wabisa kudzala kapena pansi pa nkhokwe. M'tauni muli makeke ndi mabisiketi othira chamba, ndipo amenewa ndiwo oopsa kwambiri chifukwa mafuta ake amatenga THC wambiri. Akakhalanso ndi chokoleti ndiye poizoni wawiri, pakuti chokoleti pachokha chimapweteka agalu. Njira ina ndi yochititsa manyazi kuilemba m'magazini ya pabanja, koma ndilemba. Madotolo a ku Melbourne, ku Australia, anafotokoza za agalu 15 amene analedzera pakati pa 2011 ndi 2020 atadya chimbudzi cha anthu ogwiritsa ntchito chamba. Ife tikudziwa zimene agalu a m'midzi mwathu amachita akapeza pamene munthu wadzithandiza patchire. Nachonso chifukwa china chokhalira ndi chimbudzi chokhala ndi chitseko komanso chivundikiro.

Tsopano pali nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi. Kuno kwathu galu wodzandira ndi wotuluka dovu angakhale ndi chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo kuzisokoneza kungatengetse moyo wa munthu.

China ndi tameki, poizoni uja wa timibulu takuda amene amagulitsidwa mobisa m'misika ngati mankhwala a makoswe, ndipo akuba amamuika m'nyama n'kuponyera agalu. Tameki sachedwa. Pakangotha mphindi zochepa galu amatuluka dovu lambiri ngati thovu la sopo, amasanza, amatsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, amapuma movutika, ndipo kadontho ka m'diso kaja kamachepa kukhala ngati kansonga ka singano, mosiyana ndi wa chamba. Ameneyu alibe nthawi yodikira. Pali jakisoni wotchedwa atropine amene a vetenale amabaya, ndipo amathandiza akafulumira. Masanzi ake akwirireni mozama musanawakhudze ndi manja, chifukwa nkhuku, amphaka ndi ana okwawa ali pangozi yomweyo.

Chinacho ndi chiwewe, ndipo apa ndikupemphani muwerenge mofatsa. Tonse timadziwa galu wa chiwewe wolusa, woyendayenda, woluma mitengo, miyala ndi aliyense wokumana naye. Koma pali chiwewe china chofatsa, chimene ambiri sitichidziwa. Galu amangokhala duu, chibwano chili lende, dovu likuchucha chifukwa akulephera kumeza, miyendo yakumbuyo ikufooka. Mawu ake akamauwa amasintha. Anthu amaganiza kuti watsamwa ndi fupa n'kumupisa dzanja kukamwa, ndipo kachilombo kali m'dovumo kamalowera pa kabala kalikonse ka pachala. Galu wotere ndi wa chamba uja amafanana kwambiri pa tsiku loyamba. Kusiyana kwake kumaoneka ndi nthawi: wa chamba zimamuyamba mwadzidzidzi ali bwinobwino ndipo mawa lake amakhala akupezako bwino, pomwe wa chiwewe amaipiraipira tsiku ndi tsiku mpaka kufa, kawirikawiri masiku 10 asanathe.

Mantha anga ali pawiri. Kupha galu wosalakwa ndi miyala chifukwa cha phala la chamba n'zomvetsa chisoni. Koma choopsa kwambiri n'chakuti, m'mudzi mmene anthu azolowera kuona agalu oledzera, tsiku lina galu wa chiwewe chenicheni adzaluma mwana, akulu n'kunena kuti musadandaule, ameneyo wangodya fodya wamkulu. Mwanayo sadzapita kuchipatala. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika, ndipo madotolo a ana ku Queen Elizabeth Central Hospital anaona imfa zotere zambiri. N'zimene zinabweretsa bungwe la Mission Rabies ku Blantyre, limene mu 2015 linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzindawu m'masiku 20 okha, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafika m'madera athu akumidzi. Katemerayu akabwera pa sukulu kapena pa bwalo la mfumu, pitani naye galu wanu, ndipo kadi musunge ngati mmene agogo aja anasungira. Tsiku lija kadi imeneyo ndiyo inachititsa anyamata kutsitsa miyala.

Galu aliyense akaluma kapena kukanda munthu, kaya mukuganiza kuti waledzera, kaya ndi wanu womwe, lamulo ndi limodzi. Tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mochita kuyang'ana pa wotchi, osati kungotsira kamodzi. Musathirepo tsabola, mchere, dothi kapena ubweya wa galuyo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ku Lirangwe, ku Chileka, ku Mlambe ku Lunzu, kulikonse kumene kuli pafupi, ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto. Galuyo atsekeredwe masiku 10 akupatsidwa chakudya ndi madzi, kuti aonedwe. Koma wolumidwayo asadikire masiku 10 amenewo ali kunyumba. Za katemera wake akanene ndi achipatala.

Tibwerere kwa Tayiga. Mlangizi atamva za phala lija anatiuza zochita, ndipo zambiri zinali zoti tisachite. Mayi wina woyandikana nawo anali atabwera kale ndi kapu ya mkaka, wina akuti timumwetse mafuta ophikira, wina madzi a mchere kuti asanze. Zonsezi anakaniza. Galu amene akuwodzera sameza bwino, ndiye chilichonse chomuthira kukamwa mokakamiza chingalowere m'mapapo n'kumupha ndi chibayo, chamba chisanamuphe. Mafuta ndi mkaka zingathandizenso THC kulowa m'magazi m'malo momuchotsa. Mchere wambiri ndi poizoni pawokha. Makala a pambaula osinja si ofanana ndi makala a mankhwala amene a vetenale amapereka. Kumusanzitsa kumathandiza pokhapokha akangodya kumene, asanayambe kudzandira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya dotolo.

Mankhwala othetseratu mphamvu ya chamba kulibe. Chimene chilipo ndi kumusamala mpaka thupi litachotsa lokha. Tinavala majumbo m'manja, tinamunyamula pa chiguduli n'kukamugoneka m'kachipinda kosungiramo makasu, kamdima, kopanda phokoso, kotalikirana ndi moto. Tinamugoneka chammbali mutu utatsika pang'ono kuti akasanza asatsamwe, ndipo mnyamata uja anapatsidwa ntchito yomutembenuza pakapita maola angapo ndi kusintha chiguduli chikanyowa ndi mkodzo. Madzi tinaika m'mbale yosazama, kuti adzamwe yekha akadzatha kudzutsa mutu. Ngakhale kunja kunkatentha, makutu ndi mapazi ake zinali zozizira, choncho usiku anamufunditsa chitenje chakale.

Pali nthawi imene kusamalira pakhomo sikukwanira. Galu akapanda kudzuka ngakhale mumugwedeze, akamapuma mwa apo ndi apo, akayamba kukomoka ndi kuphupha, akamasanza ali m'tulo, kapena akakhala kamwana kakang'ono, mufunefune thandizo msanga, kwa a vetenale a boma kapena ku Blantyre SPCA mu mzinda, kumene angamuike diripi ndi kumutenthetsa. Ndipo mukafika kumeneko nenani zoona. Anthu ambiri amabisa poopa kuti nkhani ifika kupolisi, dotolo n'kumataya nthawi kufufuza matenda amene palibe. Iye chimene akufuna n'kudziwa chimene chalowa m'mimba mwa galuyo, kuchuluka kwake ndi nthawi yake.

Pa za malamulo ndingonena mwachidule, chifukwa achinyamata ena amati boma linaloleza. Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta, kusunga kapena kugulitsa chamba wamba ukadali mlandu, ndipo kuchitira nkhanza chiweto nakonso kuli ndi lamulo lake.

Anthu atabalalika, agogo anandikokera pakhonde. Nkhope yawo sinali ya munthu amene galu wake wapulumuka.

"Mwana wanga, za galuzi ndamva. Koma fodyayo anamupeza kuti? Ndipo anadziwa bwanji kogula?"

Funso limenelo ndi limene makolo ambiri timaliopa. Chamba chikapezeka m'mimba mwa galu wa pakhomo, ndiye kuti chadutsa m'manja mwa munthu wa pakhomopo kapena woyandikana nanu. Mnyamatayo poyamba anati anachita kupatsidwa ndi mnzake. Titakhala naye pansi madzulo, popanda gulu, popanda kukuwa, anavomera kuti iyenso anayamba kulawa chaka chatha, nthawi ya holide. Sanali mwana woipa. Mbuzi zimene zinabedwazo ndi zimene agogo ankati adzagulitse kuti alipire fizi yake, ndipo iye ankadziona ngati bambo wa pakhomopo amene walephera ntchito. Ndinamufotokozera zimene ndikudziwa: kuti bongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, ndipo amene amayamba chamba ali wamng'ono n'kumasuta kawirikawiri amavutika kukumbukira za m'kalasi, komanso amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a misala kuposa anzake. Sindinamuopseze ndi Zomba Mental Hospital, monga timachitira ambirife. Anali ataona kale yekha, tsiku lonse, chimene fodyayo amachita ku bongo wa chamoyo chimene amachikonda. Kwa amene chizolowezichi chawakola kwambiri, thandizo lilipo kuzipatala za boma kudzera kwa anamwino a za maganizo, komanso ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.

Pakhomo pomwepo pali kamtsikana ka zaka ziwiri, kamene kamatola chilichonse n'kuika kukamwa, ndipo kawirikawiri kamakhala pafupi ndi mbale ya Tayiga. Phala lija likanatha kulowa m'kamwa mwake. Mwana wamng'ono akadya chamba amagona tulo tosadzutsika, thupi limalefuka, nthawi zina kupuma kumachepa. Mukaona zotere mwa mwana amene anali bwinobwino, thamangirani kuchipatala, ndipo ngati mukudziwa kuti m'nyumba muli chamba, auzeni adotolo ngakhale zikhale zochititsa manyazi bwanji.

Mlangizi uja anabwera Lolemba pa njinga yamoto. Anati galu wosauwa kawirikawiri amakhala wanjala, wodwala njoka za m'mimba, kapena wongokhala mwana, ndipo Tayiga anali ndi zonse zitatu. Anamupatsa mankhwala a njoka atachira, n'kulangiza kuti phala la gaga aziikamo mitu ya usipa ndi zotsala za ndiwo, madzi azikhalapo nthawi zonse, ndipo asamamangidwe pa tcheni usana wonse padzuwa. Anatinso ntchito ya galu wa pakhomo n'kudzutsa eni nyumba, osati kumenyana ndi anthu onyamula zikwanje. Ngakhale sanalume munthu, analamula kuti akhalebe motsekeredwa masiku 10, pofuna kutsimikiza.

Lolemba madzulo Tayiga anamwa madzi yekha. Lachiwiri m'mawa anaimirira, miyendo ikunjenjemerabe, n'kudya phala loyera. Masiku 10 atakwana anatuluka m'kachipinda kaja n'kuthamangira nkhuku zomwe zija. Mnyamatayo anamanganso khola, nthawi ino pafupi ndi zenera la chipinda chimene amagona, ndipo anaika loko. Za iyeyo sindinganene kuti zatha. Amabwera kunyumba kwathu Lachitatu lililonse akaweruka kusukulu, masiku ena amayankhula, masiku ena ayi. Sabata yatha agogo anandiuza kuti Tayiga wayamba kuuwa usiku, ndipo tsopano dandaulo lawo ndi lakuti sakuwagonetsa tulo.